Mlimi wa zala zisanu ndi ziwiri

Anzanga, pa 7 Novembala 2018 ndinaswera pafoni kudikira zotsatira za chisankho cha ku Montana, dera la alimi a tirigu ndi ng'ombe ku America. Kumeneko pulezidenti akangotha zaka ziwiri pampando, anthu amavoteranso aphungu.

Donald Trump, yemwe anapambana mosavuta m'derali mu 2016, anapitako kanayi kukachemerera Matt Rosendale. Koma anthu anasankhabe seneta wawo, Jon Tester wa chipani cha Democratic, mlimi wa ku Big Sandy amene anaduka zala zitatu pamakina ogayira nyama ali mwana. Mkuluyu akachoka ku Washington ankakakwera yekha thirakitala kumunda kwake.

Usikuwo ndinalingalira za phungu wa kwathu. Nanga wanuyo munamuona liti, kupatula pamaliro ndi pakampeni?