Makina Akale Ali ndi Dzina Lake

Tidapeza makina a lathe m'chipinda chathu cha ntchito zazitsulo, dzina lake litafufutika. Poyesa kuti ndi Myford ML7, tidaitanitsa magiya. Atafika adakana kuloŵa, ndipo ophunzira adatha teremu yonse osadula mazinga.

Tikadayang'anitsitsa tikadadziŵa. Njanji za Myford nzafulati, pamene za makina athu zidali zosongoka ngati V wozondoka: adali Boxford, amene adatengera South Bend wa mainchesi 9. Pa Boxford, mtundu A uli ndi giyabokosi yodulira mazinga. Pa B ndi C magiya amasinthidwa pamanja. Zilembo UD zimasonyeza kuti mota ili pansi.

Inu aphunzitsi a maŵa, musanaitanitse chitsulo, yang'anani njanji, muŵerengenso nambala yodindidwa kumapeto kwake. Safunsa adadya phula.