Khirisimasi ya Zitseko Zotseka

Inu ophunzira, mukamva za Khirisimasi mumaganiza za mpunga wa nkhuku, mvula ndi alendo osaitanidwa. Ku Leeds, ku England, kumene ndinaphunzitsako zaka ziwiri, si choncho ayi. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, moti ndinkaweruka kutada kale, chisanu chikuluma zala.

Pa 25 masitolo amatseka, misewu ili zii! Banja lililonse limadya nkhukundembo m'nyumba mwake, chitseko chili chotseka. Kumeneko munthu sangotulukira n'kunena kuti "odi", amadikira kuitanidwa. Chaka choyamba panalibe wondiitana. Ndinaphika kansima kanga ndekha, n'kuimbira foni amayi kumudzi. Mawu awo sankamveka bwino chifukwa cha ng'oma ndi nthungululu za kwa aneba.