Phula Lotayidwa Kudzala

Madzulo ano, magetsi atathima kuno ku Ulongwe ndipo chisanu chikutsika kuchokera kuphiri la Domwe, mtima wanga wakumbukira ofula njuchi athu amene, akatha kufinya uchi, amataya zisa kudzala, osadziwa kuti ataya kuunika. Inu abale anga, zisazo muziwiritse m'madzi, musefe ndi nsalu, ndipo phula likauma pamwamba, mulisungunule m'chitini chokhazika m'madzi otentha, pakuti pamoto penipeni limayaka. Pamenepo mulithire mu nsungwi yokhala ndi chingwe cha thonje pakati, nimuisiye usiku wonse, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa mwake mung'ambe nsungwiyo. Kandulo yotere imanunkhira uchi, ndipo sidetsa mphuno za ana owerenga monga achitira koloboyi.