Nthondo ndi Okonkwo agonekedwa wodi imodzi

Makolo anzanga, ambiri mumadandaula kuti ana a masiku ano maso amangokhala pafoni usana ndi usiku. Dandaulo lake ndi lomveka. Koma musanalande foniyo, tayambani mwafunsa chimene mwanayo akuchitapo, chifukwa si onse amene akucheza ndi zibwenzi. Ena akulemba nthano.

Pali zolemba zina zimene pa Chingerezi amati fan fiction. Munthu amatenga ampangankhani a m'buku kapena filimu imene amaikonda, n'kuwapekera nkhani yatsopano imene mwini wake sanalembe. Akatenga a m'nkhani ziwiri zosiyana n'kuwakumanitsa, imeneyo amati crossover. Sizinayambe dzulo izi. Ku America, okonda sewero la pakanema la Star Trek anali atayamba kale kusindikiza timagazini tawotawo mu 1967, ndipo intaneti itabwera zinafalikira dziko lonse.

Ine ndinazidziwira kwa mdzukulu wanga wa zaka 14 amene ndimakhala naye. Iyeyu anakumanitsa Harry Potter, mwana wamasiye wa m'mabuku a J. K. Rowling, ndi T'Challa, mfumu ya mufilimu ya Black Panther ya mu 2018. Ataona kuti ndikumwetulira anati, "Agogo, mukuona ngati n'zophweka eti? Tayesani inuyo."

Ndinavomera, koma pafoni ayi, maso anatha awa. Ndinagula kope ndi bolopeni.

Ndinasankha anthu awiri a m'mabuku a pautsikana wanga. Woyamba ndi Nthondo, wa m'buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, mnyamata wosamva ndi wakuba uja amene anadzasintha atakula. Wachiwiri ndi Okonkwo wa ku Umuofia, m'buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart la mu 1958. Wina wakwathu kuno, wina wa ku Nigeria. Nanga akumana kuti? Zaka zonse zimene ndinagwira unamwino zinandionetsa malo amodzi amene mbava ndi munthu wolemekezeka amagona moyandikana, ndiwo wodi ya abambo. Ndinawagoneka mmenemo, bedi 6 ndi bedi 7, aliyense ndi dilipi yake, usiku magetsi atazima.

Nthondo sanandivute. Ndinamutenga akadali mnyamata, ndipo pofika tsamba lachiwiri anali atasowetsa kale nthochi za mnzakeyo.

Koma Okonkwo, abale! Ndinkafuna kuti usiku umenewo aulule kuti amamusowa Nwoye, mwana wake amene anachoka pakhomo kutsatira amishoni. Ndinkafuna atchule Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha bambo koma iye anamupha ndi chikwanje. Masiku atatu ndikulimbana naye. Ndikamuika mawu oti "pepa" m'kamwa, ankamveka ngati munthu wina wobwereka dzina. Uyu ndi munthu amene moyo wake wonse ankaopa kuoneka wofooka ngati bambo ake a Unoka. Abambo otere ndawasamalirapo ambiri. Amalolera kugwa popita kuchimbudzi kusiyana n'kuti namwino wamkazi awagwire mkono. Mapeto ake Okonkwo wanga sananene kanthu. M'mawa phala litabwera, anangokankhira mbale yake kwa Nthondo, nkhope atalozetsa kukhoma.

Lamulo la zolemba zimenezi ndi lomwelo. Munthu umamubwereka ndi khalidwe lake lomwe. Ungamusinthe dziko, zovala ngakhale chinenero, koma akachita zimene sangachite, owerenga amadziwa nthawi yomweyo.

China ndinachiona nditamaliza. Masamba onse 11 ankanena za abambo amene sayankhula ndi ana awo, chonsecho sindinakonze kulemba zimenezo. Zinangotuluka. Ndiye ndinapempha kuwerenganso nkhani ya mdzukulu uja, modekha tsopano.

Mufilimu muja T'Challa amamwa mankhwala a zitsamba, amamukwirira mumchenga, n'kukaonana ndi malemu bambo ake. M'nkhani ya mwanayu, T'Challa akupereka mankhwalawo kwa Harry kuti akaone amayi ake. Atawaona, Harry sakufunsa za matsenga kapena za adani ake. Akungofunsa kuti, "Mubwera liti?"

Mayi a mwanayu ali ku Johannesburg, chaka chachitatu tsopano. Amaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo yankho la mwana limakhala limodzimodzi: "Ndili bwino." Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Mwanayo sindinamufunse kanthu. Ndinangoimbira mayi akewo kuti Lamulungu likubwerali asafunse za sukulu zokha.

Musandimve ngati ndikuti zonse za kumeneko ndi zoyera. Buku la zogonana lija la Fifty Shades of Grey, lomwe linatuluka mu 2011, linayamba ngati fan fiction ya Twilight. Pamalo ena pomwe nkhanizi zimaikidwa, monga Archive of Our Own, zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha msinkhu. Mukaona mawu oti Mature kapena Explicit, imeneyo si ya mwana, muuzeni mosapita m'mbali. Muuzeninso kuti asaike dzina lake lenileni kapena la sukulu yake, ndiponso kuti nkhani zotere sagulitsa chifukwa ampangankhaniwo ali ndi eni ake.

Akakupatsani kuti muwerenge, musatenge bolopeni yofiira ngati aphunzitsi, ndipo musakawerengere alendo pabalaza kuti aseke. Mufunseni chifukwa chimene anasankhira awiriwo, kenako khalani chete. Inu a mabanja achinyamata amene ana anu sanayambe kulemba, yambani pakamwa. Usiku wina Kalulu akumane ndi Spider-Man, mwanayo anene yekha amene apusitse mnzake.

Yangayo mdzukulu anaiwerenga kawiri. Akuti Okonkwo ndamutha, koma za mankhwala ndachulutsa. Akufuna gawo lachiwiri loti awiriwa atuluke m'chipatala. Nthondo atuluka yekha, mwinanso ndi bulangete la boma. Okonkwo ndiye sindinamupezerebe wodzamutenga.