Mawu Ogonera M'kaseti

Pafupifupi m'nyumba iliyonse imene muli munthu wachikulire mumapezeka katundu wina amene adaleka kugwira ntchito kalekale, koma mwini wake amakana kumutaya. Ena amasunga nyali yosweka galasi, ena simbi ya makala yothyoka chogwirira, ndipo ena amasunga wayilesi ya kaseti imene idakhala chete zaka zambiri zapitazo. Ana a masiku ano akaona zinthu zotere amaseka, nati akuluakulu amakonda kuunjika zinyalala. Komatu wayilesi ya kaseti ndi yosiyana ndi nyali kapena simbi, chifukwa ikafa imatsekera mawu onse amene ali m'makaseti a m'nyumbamo, pakuti palibenso chida china pakhomopo chimene chingawatulutse.

Kaseti idaonekera koyamba m'chaka cha 1963, pamene kampani ya Philips idaionetsa kwa anthu mumzinda wa Berlin. Amene adatsogolera gulu loipanga adali Lou Ottens wa ku Netherlands, yemwe adamwalira m'chaka cha 2021. M'kati mwa kaseti muli tepi, kachingwe kapulasitiki kopyapyala kotambalala mamilimita 3.81, kopakidwa fumbi la chitsulo limene limasunga mawu mwa mphamvu ya maginito. Tepiyi imayenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse, kotero kuti kaseti ya C60, imene imalira mphindi 30 mbali imodzi, imakhala ndi tepi yotalika pafupifupi mamita 86. Kuno kwathu kaseti idafala kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo ndiyo idanyamula nyimbo za ku Balaka, za Paul Banda, Lucius Banda ndi gulu la Alleluya, kuzifikitsa m'mabasi, m'misika ndi m'midzi. Koma ubwino wake waukulu udali wakuti munthu wamba ankatha kujambula mawu akeake, chinthu chimene galamafoni sinkalola.

Mkulu wina wa m'boma la Dedza, adakali mnyamata wongoyamba kumene ntchito, adagula wayilesi yotere napita nayo kumudzi. Madzulo ena adaiika pamphasa patsogolo pa mayi ake, nawapempha kuti afotokoze kumene makolo awo adachokera, mayina a anthu akale a pabanjapo, ndi malo amene adaikidwa. Mayiwo adayankhula mpaka mbali imodzi ya kaseti idatha. Patapita zaka zingapo adatsikira kulichete. Kasetiyo idalowa m'bokosi pamodzi ndi makalata akale, ndipo wayilesi ija itayamba kuvuta idakwezedwa pamwamba pa kabati, pomwe idakhala ikusonkhanitsa fumbi zaka zoposa 20.

Chimene chidaitsitsa pakabatipo lidali funso la mwana. Mdzukulu wake wamkazi, wa Fomu 2, adapatsidwa ntchito kusukulu yolemba mbiri ya banja la kwawo. Atamaliza kufunsa mayina, adafunsanso kuti, "Agogo, nanga mayi anuwo ankayankhula bwanji? Mawu awo adali aakulu kapena aang'ono?" Mkuluyo adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma adapeza kuti yankho alibe. Nkhope ya mayi ake ankaikumbukira bwinobwino, ngakhale mphini za m'masaya mwawo, koma liwu lawo lidali litamuthawa m'makutu iye osadziwa tsiku limene lidachoka. Usiku umenewo tulo tidamuvuta.

M'mawa mwake adatsitsa wayilesi ija naipukuta. Kunja kwake inkaoneka ngati ya dzulodzulo, koma paja akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ataikamo mabatire atsopano nadina batani loliza, mota idamveka ikung'ung'uza pansipansi, koma timano tozunguza kaseti sitidasunthe ngakhale pang'ono. Mdzukulu uja adathamangira kubokosi kuti akatenge kaseti ya agogo aakulu aiyese. "Iwe, isiye pomwepo," adatero mkuluyo. "Wayilesi yodwala imatafuna tepi, ndipo kaseti imeneyo ilipo imodzi yokha padziko lonse lapansi." M'malo mwake adasankha kaseti ina ya nyimbo yopanda ntchito kuti ndiyo ikhale yoyesera.

Asadakhudze msomali uliwonse, adachotsa mabatire onse naonetsetsa kuti chingwe cha magetsi ndi chozula, popeza magetsi sadziwa kuti uyu ndi mwini wayilesi. Kenaka adayala nsalu yoyera patebulo, namasula timisomali ta mazinga ta kumbuyo, kalikonse nkukaika m'mbale motsatana monga m'mene kadachokera. Mdzukuluyo adapatsidwa ntchito yojambula m'kati mwa wayilesi ndi foni pa sitepe iliyonse, kuti pobwezeretsa pasadzakhale kukangana kuti waya uyu adali pati.

Chivindikiro chitachoka, matenda adaonekera poyera. Mota ya wayilesi ya kaseti imapereka mphamvu yake kugudumu lolemera kudzera pa lamba wa labala. Labala akakalamba amatamuka, amaduka, kapena amasungunuka nkusanduka phala lakuda lomata ngati phula. Lamba wa wayilesi iyi adali atasungunuka, ndipo phula lake lidali litamatirira m'timizere ta magudumu. Tsiku lonse lidathera pochotsa phulalo ndi thonje lokulunga kumtengo wa machesi, loviika m'sipiriti. Zala za awiriwo zidada bii, ndipo mayi a m'nyumbamo adadandaula kuti nsalu yawo ya patebulo yapita.

Kupeza lamba wina sikudali kwapafupi. Mkuluyo adazunguliza ulusi pamagudumu kuti adziwe muyeso, podziwa kuti lamba woyenera ayenera kufupikirapo pang'ono kuti agwire. Poyamba adayesa kalabala komangira ndalama. Magudumu adazungulira ndithu, koma woyimba wa m'kaseti yoyesera ija ankamveka ngati munthu woledzera, mawu akukwera ndi kutsika, chifukwa kalabala kotere kamatamuka mosalingana ndipo tepi siyenda pa liwiro limodzi. Choncho Loweruka lotsatira adakwera njinga ulusi uli m'thumba kupita kumsika wa paboma, kumene mmisiri wokonza mawayilesi adafufuza m'chitini chake nampezera lamba wa muyeso womwewo.

Lamba atalowa, vuto lina lidatulukira. Kaseti yoyesera idalira pang'ono, kenaka mawu adazilala, ndipo potsegula adapeza tepi itapotana m'kati ngati matumbo a nkhuku. Mdzukulu uja adayang'ana agogo ake osanena kanthu, pozindikira chimene chikadachitika tsiku loyamba lija. Chifukwa chake chidali chodziwika. Tepi imakokedwa ndi kamtengo kachitsulo kopanikizana ndi kagudumu ka labala, kenaka dzino la mbali inayo limaikulunga. Kagudumuko kakada ndi kumata, kapena dzino lokulunga likaleka kuzungulira pamene kachitsulo kakukokabe, tepi imasowa kolowera nizengereza m'makina. Mkuluyo adatsuka kagudumu ndi kachitsulo komwe mpaka thonje lidaleka kutuluka lofiirira, natsukanso kagudumu kena kam'kati kamene kamazunguza dzino lokulunga.

Chotsalira chidali hedi, kachitsulo kosalala kamene kamawerenga mawu pamene tepi ikukhudza nkhope yake. Fumbi la tepi likaunjikana pamenepa, mawu amamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Atapukuta hediyo ndi sipiriti, nyimbo zidayamba kumveka bwino koma osafikapo. Pambali pa hedi pali kamsomali kamene kamaiweramitsa kapena kuiwongola, ndipo mkuluyo adakapotoza pang'onopang'ono khutu lili tcheru, kupita uku ndi kubwerera uku, kufikira pamene zingwe za gitala zidamveka mbee. Ntchito imeneyi siifuna mphamvu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ngakhale wayilesi idachira, kaseti yeniyeni ija sidalowe tsiku lomwelo. Kwa masiku atatu mkuluyo adaliza makaseti ena osiyanasiyana kuti aone ngati makinawo angatafunenso. Pa tsiku lachinayi adatenga kaseti ya mayi ake naiyang'anitsitsa. Adathyola timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pake, chifukwa kaseti yothyoledwa motero singafufutidwe ngakhale wina atadina mwangozi batani lojambulira. Adaona kuti kathonje kamene kamakankhira tepi kuhedi kadakalipo. Pomaliza adalowetsa cholembera pabowo napukusa tepi yonse ndi dzanja kuchokera koyamba mpaka kumapeto ndi kubwereranso, kuti ngati idamatana pokhalitsa imasuke mofatsa.

Madzulo ake banja lonse lidakhala pabalaza. Batani litadinidwa, kudayamba kumveka mpweya wokhawokha, kenaka mbuzi ikulira chapatali, kenaka liwu la mnyamata likuti mayi ayambe kuyankhula. Ana adaseka pofunsa kuti mnyamatayo ndani, osadziwa kuti ndi agogo awo omwewo. Pamenepo mudatuluka liwu la mayi wokalamba, lotsika ndi lokhuthala, lotchula mawu mwa kayankhulidwe ka kumudzi kamene ana a m'tauni sakamvanso. Kuseka kudatha. Mayiwo adatchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ena mwa iwo mkuluyo adali atawaiwala, ndipo pena ankaima nkudzudzula mwana wina wosaoneka kuti atseke khola. Mkuluyo adangoti zyolii mpaka batani lidadzitulukira lokha. Mdzukulu uja adali atagwira foni pafupi ndi sipika nthawi yonseyi, ndipo usiku womwewo mawuwo adatumizidwa kwa abale onse a kutali.

Kusamutsa mawu kotereku nkofunika, pakuti tepi nayo ili ndi masiku ake. Chinyezi chimaimeretsa nkhungu, kutentha kumaipinda, maginito amaifufuta, ndipo amisiri odziwa makina amenewa akucheperachepera chaka ndi chaka. M'mabokosi ambiri m'dziko muno mukugona makaseti a maukwati, a makwaya a mipingo, a maulaliki, ndi a mauthenga amene anthu a kutali ankatumizira abale awo. Eni mawuwo ambiri adapita. Makolo adati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma kuti mawu ogonera m'kaseti amveke, pafunika wina woti akhale pansi ndi thonje, sipiriti ndi mtima wodekha, tepiyo isadathe.