Kompyuta ya masewera imayambira pa soketi

Ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta a masewera. Palibe chipangizo chimene ndimapanga ndekha. Ndimatolera zimene ena anapanga kutali, zochepa zatsopano, zambiri zogwirapo kale ntchito kwina, n'kuzigwirizanitsa mpaka zikhale makina amodzi otha kuyendetsa mpira wa FIFA, GTA V kapena Mortal Kombat popanda kudodoma. Kashopu kanga kali mu Kalingalinga, kuseri kwa akalipentala ndi owotcherera zitsulo amene amayala mabedi, mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Amene amandipeza ndi ophunzira a ku UNZA, anyamata a mu Mtendere, ndi ena okwera mabasi awiri kuchokera ku Matero, ku George kapena ku Chawama. Wa ndalama zambiri safika kuno, amakagula ya m'katoni ku Manda Hill kapena ku East Park. Kwa ine kumabwera munthu amene wasunga pang'onopang'ono, wina za maganyu, wina wangolandira kumene chilimba, ndipo ndalama imeneyo ikangopsa sadzaipezanso msanga.

Ambiri amalowa dzina la khadi la zithunzi lili kale pakamwa. "Ankolo, ine ndikufuna RTX." Analiona pa YouTube, lili m'bokosi la galasi lowala mitundumitundu. Ine ndimamukhazika pa benchi n'kuyamba kumufunsa za kwawo. Mita ndi yanuyanu kapena ndi ya alandilodi? Mabanja amene amakoka pa mita imeneyo ndi angati? Soketi ya m'chipinda chako ili ndi waya wa earth? Pafupi ndi nyumba pali wowotcherera zitsulo? Ena amakwinya nkhope, amaganiza kuti ndikuzemba nkhani. Sindizemba. Amene amajambula mavidiyo aja amakhala kumene magetsi sathima, sagwa, sadumpha. Ife tili mu komboni, ndipo kuno chimene chimapha kompyuta kawirikawiri chimalowera pakhoma.

Magetsi athu amayenera kukhala mavolti 230. Koma madzulo nyumba zonse zikayatsa masitovu, kapena neba akangokhudzitsa ndodo yake yowotcherera pa chitsulo, mumaona babu likuzilala n'kuwalanso. Chimene babu lamva, kompyuta yamvanso. Ndiye kunabwera chilala cha 2024. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nthawi imeneyo magetsi opitirira magawo 80 pa 100 a dziko lino ankachokera ku madzi, ndipo madzi a mu Kariba anatsika kwambiri. Mu March ZESCO inayamba kuthimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo chaka chisanathe madera ambiri ankakhala mumdima maola okwana 21. Malaiti ankabwera pakati pa usiku, anyamata n'kudzuka kuti asewereko pang'ono asanapitenso. Makina amene ankafika pa tebulo langa miyezi imeneyo ambiri anali ndi nthenda imodzi: power supply yotchipa yapsa, ndipo popsapo yatenga bodi, nthawi zina ndi khadi lomwe.

N'chifukwa chake sindiyamba ndi bokosi latsopano. Ndimayamba ndi makompyuta a salaula, aja amene maofesi a kunja amataya akatha zaka zingapo, n'kubwera kuno m'makontena: Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre. Mumawapeza ataunjikidwa m'mashopu a mu tauni, cha ku Cha Cha Cha Road, Freedom Way ndi ku Kamwala. Maonekedwe ake si okopa, akuda bii, ena ali ndi zomata za kampani imene inkawagwiritsa ntchito. Koma anapangidwira kuyaka tsiku lonse mu ofesi chaka ndi chaka, ndipo pa mtengo umodzi mumapeza purosesa, bodi, RAM, bokosi ndi power supply yodalirika. Kugula zonsezi chimodzichimodzi zili zatsopano n'kosatheka kwa anthu anga. Katunduyu amagulidwa ndi madola, ndipo kumapeto kwa 2024 dola imodzi inkadya makwacha opitirira 27, osawerengera VAT ya 16 peresenti ndi zolipira ponyamula.

Pano pali zoyenera kudziwa. OptiPlex 9020 yokhala ndi purosesa ya i5-4570, ya mu 2013, ikadali ndi mphamvu zokwanira GTA V, PES 2021 ndi ma FIFA akale. Imabwera yamitundu iwiri yodziwika: yaikulu yoimirira, yokhala ndi power supply ya mawati 290, ndi yopyapyala ya mawati 255 imene imangolandira khadi lalifupi. Ndimasankha yaikulu nthawi zonse ndikaipeza, chifukwa mpweya umayenda bwino ndipo dzanja limalowa. Koma 9020 ili ndi pulagi yakeyake ya mapini 8 pa bodi, moti power supply wamba silowa popanda adaputala, pamene mkulu wake 7010 ali ndi ya mapini 24 imene aliyense amaidziwa. Kanthu kakang'ono ngati kameneka ndi kamene kamasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongogulitsa.

Wofuna mpira watsopano ndimamuuza zoona. Kampani ya EA itasintha dzina la FIFA kukhala FC 24 mu 2023, inalemba kuti pamafunika purosesa yosachepera i5-6600K, khadi la GTX 1050 Ti, RAM ya 8GB ndi malo okwana 100GB. Makina a mu 2013 ali pansi pa mzere umenewo. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo pa mapurosesa a Intel, Windows 11 imafuna a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Choncho amene thumba lake likulola ndimamukankhira ku OptiPlex 7060 ya i5-8500, ya mu 2018. Bola adikire mwezi wina kusiyana n'kugula chinthu chimene adzachinyansidwa nacho Khirisimasi isanafike.

Tsopano khadi la zithunzi, limene limadya pafupifupi theka la ndalama zonse. Pa makina a mu ofesi ndimakonda makhadi awiri, GTX 1050 Ti ya mu 2016 ndi GTX 1650 ya mu 2019. Onse ali ndi 4GB, amadya mawati 75 okha, ndipo ambiri mwa iwo amatenga mphamvuyo pa bodi pomwepo popanda waya wowonjezera. Anyamata amanditsutsa: "Ankolo, koma RX 580 ili ndi 8GB, ndiponso ndi yotchipa." N'zoona, ndipo ndi yamphamvu kuposa awiriwa. Koma yokha imadya mawati 185, imafuna waya wa mapini 8 ndi power supply ina ya mawati 500. Tikawerengera limodzi papepala, makina a khadi laling'ono pamodzi ndi sikirini safika mawati 200, ndiye kuti yuniti imodzi imakuseweretsa maola asanu. A RX 580 amafika cha m'ma 300, yuniti yomweyo n'kutha m'maola atatu ndi pang'ono. Pa nyumba imene mabanja anayi amasonkherana mayuniti a mita imodzi, kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa khomo la alandilodi, ndipo mkangano wake sukhala wa masewera ayi.

Makhadi abodza ndi amene amandipweteka mtima kwambiri. Mnyamata amabwera nalo litakulungidwa bwino, waligula kwa munthu wa pa Facebook kapena kwa oima m'misewu ya mu tauni, pakatoni palembedwa GTX 1050 Ti. Ndisanalilowetse n'komwe mu kompyuta ndimalitembenuza n'kuyang'ana kumbuyo. Ndikaona pulagi ya VGA, ija yabuluu ya timabowo 15, ndimadziwa kuti zavuta, chifukwa 1050 Ti yeniyeni inasiya njira yakale imeneyo. Ndikamasula fani n'kupukuta chipu, nambala yake imakhala ya GTS 450 kapena GTX 550 Ti, makhadi a mu 2010 ndi 2011 amene wina anawalemba dzina latsopano mkati. Windows imakhulupirira bodzalo n'kuonetsa dzina lomwelo. Pulogalamu ya GPU-Z, imene ndi yaulere, imaliulula. Masewera akangofuna memory yopitirira imene ilipodi, chithunzi chimasweka n'kutseka. Kumuuza mwana wa munthu kuti ndalama ya miyezi yambiri yapita pa chitsulo chopanda ntchito ndi mbali ya ntchitoyi imene sindinaizolowere.

Palinso makhadi enieni koma otopa. Ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi pa 15 September 2022, ma RX 570 ndi RX 580 amene ankayaka usana ndi usiku anakhuthukira pa msika wa dziko lonse, mpaka kuno anafika. Si onse oipa. Lililonse ndimaliika pa pulogalamu ya FurMark theka la ola, dzanja lili pafupi ndi fani, maso ali pa kutentha. Likapitirira madigiri 85, kapena pa sikirini pakaoneka timadontho ndi mizere, ndimalibweza.

Pa power supply sindimvera zonena za munthu. Ndimainyamula m'manja. Yolembedwa mawati 500 koma yopepuka, yopanda dzina lodziwika, mawaya ake oonda, ndimaiika pambali. Yabwino imalemera chifukwa mkati muli zitsulo zoziziritsa ndi makapasita akuluakulu, ndipo pambali pamalembedwa bwinobwino mphamvu imene imapereka pa mavolti 12. Timawaya tija tosinthira pulagi ya SATA kuti idyetse khadi sindilola m'makina anga. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 basi, ndipo ndaonapo zambiri zitasungunuka, pulasitiki itada, fungo lili m'nyumba monse.

RAM ndimaika timitengo tiwiri tofanana m'malo mwa kamodzi kakakulu, chifukwa purosesa imawerenga mbali ziwiri nthawi imodzi. Windows imakhala pa SSD, ngakhale yaing'ono ya 256GB, masewera n'kukhala pa hard drive ya 1TB imene ndayamba ndaiyeza ndi CrystalDiskInfo kuti ndione maola amene yagwira. Nyale zamitundu ndi bokosi la galasi zimadikira.

Mbali imene ndimaikonda ndi yotsuka. Ndimatulutsa makinawo panja, kutsekula chivundikiro, kugwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso, kenako n'kupemerera ndi bulowa. Fumbi limatuluka lambiri, nthawi zina ndi mphemvu zouma zimene zinakonda kufunda kwa power supply. Ndimamasula zomangira zinayi za choziziritsira purosesa mopingasa, pang'onopang'ono, n'kuchipotoza pang'ono kuti chimatuke. Pansi pake thermal paste yakale imakhala itauma gwa, yotuwa, yong'ambikang'ambika. Ndimaipukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti mpaka chitsulo chiwale, kudontheza kadontho kamodzi katsopano pakati, n'kubwezera. Ndikayatsa, fani imene inkalira ngati ikufuna kuuluka imangoti phee, ndipo kutentha kumatsika ndithu. Mu Lusaka ntchito imeneyi si yochita kamodzi. Kuyambira August mphepo imanyamula fumbi la m'misewu yathu yopanda tara, mu October chipinda cha malata chopanda siling'i chimatentha koopsa, ndiye wina amaikanso mbaula pafupi, utsi n'kumamatira pa mafani. A ku Kanyama ndimawauza mobwerezabwereza kuti kompyuta isakhale pansi. Mvula ikayamba madzi amalowa m'nyumba usiku, munthu ali m'tulo.

Ndalama yotsala, ngakhale ichepe bwanji, ndimaumiriza kuti ipite pa chotetezera. Kachipangizo kaja kamene anthu amaika pa firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike kasanawalole kudutsa, kamagwiranso ntchito pa kompyuta. UPS yaing'ono ya 650VA siikupatsa nthawi yomaliza mpira, imangokupatsa mphindi zochepa zoti uzimitse bwino, koma mphindi zimenezo ndi zimene zimapulumutsa hard drive. Bokosi likamakunyerenyetsa ukaligwira, ndiye kuti nyumbayo ilibe earth, ndipo wokonza zimenezo ndi wa magetsi wodziwa ntchito yake, osati ine.

Nthawi zina mnyamata amabwera ndi amayi ake, amene ndiwo agwira ndalama m'kachikwama. Amandiyang'ana n'kufunsa, "Atate, zimenezi sizimuwonongera mwanayu sukulu?" Ndimawayankha kuti, "Amayi, zikhoza kutero ngati simumuikira malire." Kenako ndimawaonetsa kuti makina omwewa amayendetsa AutoCAD, Photoshop ndi FL Studio. Ndikudziwa achinyamata amene anayamba ndi mpira, lero akukonza mavidiyo a maukwati ndi ma kitchen party, ena akujambula mapulani a nyumba, ena atsegula kantemba kamene anzawo amalipira pa gemu iliyonse. Amene ali ndi chiyembekezo chodzawonjezera m'tsogolo ndimamumangira pa Ryzen 5 5600G, purosesa ya mu 2021 imene ili ndi zithunzi zake mkati, kuti ayambe kusewera ndi kugwira ntchito popanda khadi, adzaligule chaka china.

Inu amene mukusunga ndalama kuti mudzakhale ndi kompyuta yanu, kaya mudzabwera kwa ine kaya kwa mnzanga wina ku Matero kapena ku Chawama, bwerani ndi dzina la gemu imene mukufuna, jambulani soketi ndi mita ya kwanu pa foni, ndipo musatumize ngakhale ngwee imodzi pa Airtel Money kapena MoMo musanaone khadilo likugwira ntchito pamaso panu kwa theka la ola.