Tinafolera Kanyumba ka Achemwali ndi Malata a Mabowo

Kuno ku Nkolokosa, mukazungulira kuseri kwa nyumba zambiri mupeza kanyumba kakumbuyo. Nyumba zakale za dera lino zinamangidwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo zipinda zake n'zowerengeka. Mabanja anakula koma nyumba zinakhala zomwezo. Ndiye aliyense akapeza kangachepe amawonjezera kachipinda kumbuyo, kaya ka mnyamata yemwe wayamba kumera ndevu, kaya ka lendi.

Kwathu nkhaniyi inabwera ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zitakokolola nyumba ku Chilobwe, achemwali anga ndi ana awo awiri anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Anabwera kwa mayi. Ine ndi mng'ono wanga tinawasiyira chipinda n'kumakagona pabalaza, kudikira kaye kuti aliyense amalize kuonera TV tisanayale mphasa. Palibe yemwe ankadandaula mokweza, koma achemwali ankachita kuoneka kuti akudziona ngati katundu. Anayamba kunena zopita kumudzi ndi ana, pomwe wamkuluyo anali atangozolowera sukulu yatsopano.

Tinagwirizana zomanga zipinda ziwiri kumbuyo. Ine ndinkapatula pa malipiro, achemwali pa kaunjika yemwe amagulitsa ku Limbe, mayi pa banki m'khonde. Njerwa zinapezeka, khoma linakwera. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe tinasungira denga inangosanduka yoseketsa. Khoma lija linakhala chaka chimodzi lili pamtetete, titaphimba pamwamba pake ndi mapepala apulasitiki.

Mu Seputembala 2024 ndinamva kuti bambo wina ku Zingwangwa akusasula denga lake kuti aike malata a IBR autoto. Ndinapitako madzulo omwewo. Anali malata 24 a mafiti 10, geji 28. Kwa amene simunagulepo malata, nambala ya geji ikamakula lata limapyapyala. Geji 32 ndi uja mumatha kumupinda ndi zala, pomwe 28 ndi wolemera bwino, woti munthu n'kuyendapo mosamala osabonyola. Kunena zoona, lata lakale la 28 lopanda dzimbiri ine ndimaliona kuti n'labwino kuposa latsopano la 32 lomwe likunyezimira m'shopu. Vuto lake ndi limodzi: lililonse linali ndi mizere inayi ya mabowo a misomali.

Amalume atabwera kudzaona mulu uja, anatukula lata limodzi n'kuliyang'anitsa.

“Iwe, ndalama za azimayiwa wakagulira sefa?”

Mayi sanatsutse kapena kuvomereza. Anangoti, “Mwanangu, chomwe sindifuna n'choti adzukulu anga azigona ndi mabeseni pabedi.”

Mmisiri woyamba yemwe tinamuitana, mnyamata wa msinkhu wanga, anali ndi yankho lachangu. Anati tingowatembenuza, mbali yam'kati ipite kunja poti ndi yomwe ikuwalabe, tikhome paliponse, mabowo akale timata pambuyo. Zinamveka zanzeru, ndipo dengalo likanaoneka ngati latsopano pa zithunzi. Koma taganizani. Lata la mizeremizere lili ndi misana ndi ngalande. Msomali umakhomedwa pamsana chifukwa madzi sakhalitsapo, amatsetserekera m'ngalande n'kumapita. Mukalitembenuza, msana uliwonse umasanduka ngalande, ndiye kuti mabowo onse akale agona ndendende m'njira ya madzi. Phula lomwe mungamate pamenepo lizikhala m'madzi nthawi yonse ya dzinja. Tinamuthokoza mnyamatayo, tinamupatsa ya minibasi.

Wachiwiri anali bambo wachikulire, woyankhula pang'onopang'ono, yemwe mayi amapemphera naye. Tsiku loyamba sanagwire n'komwe hamala. Anatiuza kuti tiyale malata onse pabwalo, kenako ine ndi mng'ono wanga tizitukula limodzilimodzi molozetsa kudzuwa, iwo atakhala pansi pake. Kuwala kukalowa pa bowo la msomali, ankazunguliza choko. Kukalowa ngati nyenyezi zing'onozing'ono pomwe panalibe msomali, ankagwedeza mutu n'kuti, “Ili ladyeka, ikani uko.” Lata limatetezedwa ndi zinki wokutira kunja. Zinkiyo akatha, dzimbiri limadya chitsulo mpaka kuboola, ndipo timabowo totero sungatimate n'kutimaliza. Pa malata 24, anayi anapita “uko”.

Kenako anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza mtunda wa pakati pa mizere ya mabowo, lata ndi lata, akulemba pa katoni. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, mitanda sitinaikebe, mukuyezeranji malata?”

“Ndi chifukwa chake ndikuyeza,” anatero. “Pa malata atsopano mumayamba mwaika mitanda, malata n'kutsatira. Pa awa, mtanda upita pomwe pali bowo.”

Apa ndiye panagona ntchito yonse. Poti malata onse anachoka padenga limodzi, mizere yake inkafanana, kupatula atatu a kukhonde. Iwo anaika matabwa opingasa aja motsatira miyeso ya pa katoni, moti msomali watsopano unkalowa m'bowo lakale n'kupeza thabwa pansi pake. Bowo lomwe mwalowa msomali ndi bowo lotsekeka kale. Mmalo mwa mabowo akale ndi atsopano pa lata limodzi, tinatsala ndi omwewo basi.

Komabe bowo lakale silikhala momwe linalili tsiku lomwe linaboolewa. Kutentha kwa Okutobala kumafutukula lata masana, usiku limabwerera, ndipo zaka zikamapita bowo limakula mozungulira msomali. Pozula, enanso amang'amba. Ndiye pa msomali uliwonse wa chipewa, bambo aja ankayamba avekapo kamphira. Timphirato tinadula tokha ku chubu chakale cha galimoto, ntchito yomwe ana a achemwali anaikonda kwambiri mpaka kulimbirana sizasi. Chipewa chikapanikiza mphira, mphira amatseka mpata wotsala.

Pomwe bowo linali long'ambika, sankaumirira. Ankasamukira pa msana wotsatira, kapena kusiya mpata wa zala ziwiri zitatu pa msana womwewo ngati thabwa likulola. Kuboola pafupi kwambiri ndi bowo lakale n'kudzinamiza, chifukwa kachitsulo kotsala pakati n'kochepa, mphepo ikakoka kamang'ambika, mabowo awiri n'kukhala chibowo chimodzi chomwe chipewa cha msomali chimangodutsamo. Denga limayamba kusasuka m'mphepete ndi m'makona, choncho m'malo amenewo anasankhamo malata a mabowo abwino okhaokha. Aja a kumapeto kophwanyika anawadula pang'ono, ndipo mbali yokayikitsa ankaiika pansi pa lata linzake polumikiza, kuti lapamwamba liiphimbe.

Usiku wina ndikufufuza pa foni za kumata mabowo, YouTube inandiponyera kanema wa anthu a kumayiko ozizira. Kumeneko amagula ma ski akale, aja matabwa aatali otsetserekera pa chipale chofewa, n'kufuna kumangapo zogwirira nsapato zawo pomwe mwini woyamba anaboola kale. Ndinaonera mpaka kumapeto, bandulo ikupita. Nkhawa zawo ndi zathu zomwezi: bowo lakale amalitseka ndi kapulasitiki ndi guluu kuti madzi asalowe n'kuoletsa thabwa la m'kati, latsopano amalitalikitsa pafupifupi sentimita imodzi kuti sikuluu isazuke munthu ali pa liwiro, ndipo ambiri amati ski ikabooledwa katatu yakwana. M'mawa ndinawaonetsa bambo aja. Anayang'ana kanthawi, n'kubweza foni. “Nawonso amagula kaunjika eti?”

Mabowo otsala opanda msomali analipo ndithu, makamaka pa malata atatu a kukhonde aja. Pa nkhani yomata aliyense m'dera muno ndi katswiri. Wina amati sungunulani pulasitiki, wina amati sopo wa m'bala, wina amati nyikani zoyera zotetezera katundu m'makatoni mu petulo mpaka zikhale phala. Zapetulozo zimagwira kwa kanthawi, koma dzuwa likaziwamba zimauma n'kusweka, komanso kusewera ndi petulo pabwalo pomwe pali mbaula ndi ana si nzeru. Ife tinagula tepi ya phula ija ya siliva kunja, ya m'mashopu a hadiweya. Chinsinsi chake chili pokonza malo: kupala dzimbiri ndi sandipepa, kupukuta fumbi, kumata lata lili louma, n'kusindikiza ndi chala mpaka tepi itsatire kupindika kwa msana. Mukamata pa fumbi, mwamata fumbi.

Pano ndichenjezeko pang'ono. Nyumba zina zakale mu Blantyre muno zinafoleredwa ndi asibesitosi, uja wotuwa wooneka ngati simenti. Zonse ndikunenazi sizikukhudza ameneyo. Asibesitosi akaboola kapena kumudula amatulutsa fumbi lomwe limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka. Wina akakutsatsani motchipa, kanani.

Chitseko nachonso tinagula chakale ku msika wa Ndirande, ndipo mabowo a mahinjesi ake anali otakasuka moti sikuluu inkangozungulira. Apo panalibe zambiri. Anasema timitengo, kutinyika mu guluu wa matabwa, kutikhomera m'mabowo, kudikira mpaka mawa lake, n'kudula zotsala. Sikuluu inagwira ngati thabwa latsopano.

Tsono funso lomwe anzanga amandifunsa ndi lakuti, kodi zinatchipadi? Eya, koma osati momwe anthu amaganizira akamva mtengo wa malata okhawo. Denga lomwe ndi malata atsopano likanatha tsiku limodzi linatenga masiku anayi, ndipo mmisiri simungamulipire za tsiku limodzi. Tinawonjezera mzere umodzi wa matabwa kuti tifanane ndi mabowo. Panalinso tepi, sandipepa, ndi malata anayi aja omwe tinalipira koma sanakwere padenga. Zonse zitawerengedwa tinapulumutsabe ndalama yokwanira kugula mawindo ndi kupaka pulasitala m'kati, zomwe zikanadikira chaka china.

Sindingauze aliyense kuti athamangire malata akale. Ngati ndi opyapyala, asiyeni, mabowo ake amang'ambika msanga. Ngati achokera pa madenga osiyanasiyana, mizere sigwirizana ndipo mitanda simungaiike paliponse. Ngati mabowo ali m'ngalande, ndiye kuti wina anawatembenuzapo kale kapena anakhoma ndi munthu wosadziwa. Ndipo funsani komwe achokera. Ine ndinaona ndi maso anga denga lomwe ankasasula komanso mwini wake. Malata ongobwera usiku pa wilibala, wogulitsa akuyang'ana uku ndi uku, angakubweretsereni apolisi pakhomo, mwinanso ndi a banja lina lomwe mphepo yalisiya panja.

Achemwali analowa m'nyumbamo kumapeto kwa Okutobala. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, tonse tinakaunjikana m'menemo ndi matochi a pafoni, maso kudenga. Panadontha malo awiri. Pena panali kabowo komwe kanabisika ndi utoto wakale, pena msomali unalowa mopendama n'kuphonya mphira. Kutacha bambo aja anabwera okha osaitanidwa, akuti mvula ija inawadzutsa, ndipo anakonza zonse tiyi asanapse.

Malata anayi odyeka aja, awiri anafolera khola la nkhuku, awiri mayi anapatsa wokhoma zidebe yemwe anawabwezera mbaula. Amalume anabwera mu Januwale, mvula ikukhuthuka, n'kukabisala m'chipinda cha ana. Anaima pakati, manja kumbuyo, akuyang'ana mtanda uliwonse. Potuluka anandikokera pambali n'kufunsa ngati kalipentala uja ali ndi foni, poti khitchini yawo ku Bangwe ikudontha ndipo pali malata ena omwe awaona penapake.